Ziro wa pambali pa dzina la wogula

Pa eBay, tsamba la pa intaneti logulirapo ndi kugulitsirapo katundu, dzina la munthu aliyense limayenda ndi nambala pambali pake. Nambalayo imachokera ku ndemanga za anthu amene wachita nawo malonda: yabwino imawonjezera imodzi, yoipa imachotsa imodzi. Ikafika pa 10 munthu amalandira kanyenyezi kachikasu, pa 50 kabuluu, ndipo mitundu imasinthabe mpaka m'masauzande. Koma nambala imene imatisowetsa tulo ife ogulitsa ndi ziro. Waika katundu pa okushoni ya masiku 7, anthu alimbirana, mphindi yomaliza yakwana, ndipo wopambana ndi munthu amene akaunti yake yatsegulidwa dzulo. Palibe amene anamugulitsapo kanthu, palibe womuchitira umboni. Ogulitsa ambiri amene ndimawadziwa kuno ku England amathamangira kufufuta mtengo wa munthu wotere asanamve n'komwe chimene akufuna. Ine sindigwirizana nawo, ngakhale kuti zoopsa zimene amanenazo ndimazidziwa ndipo sindizibisa pano.

Ndimakhala ku Leicester. Ntchito imene imandilipirira lendi ndi yosamalira okalamba, koma m'mawa wa Lamlungu, nyengo ikalola, mundipeza pa car boot sale, msika umene anthu amagulitsa zinthu zakale kuchokera kumbuyo kwa magalimoto awo, ndikusuzumira pansi pa matebulo. Ndimatola makina osokera akale, mawailesi, makamera a filimu, nthawi zina foni kapena laputopu. Ndikafika nazo kunyumba ndimazipukuta, kuthira mafuta, kusintha malamba, kenako n'kuziika pa eBay. Amene ndimawakonda kwambiri ndi makina a Singer akuda aja, okhala ndi maluwa agolide, a mtundu womwe matelala a pakhonde la sitolo kwathu akusokerabe mpaka lero. Ambiri amene amapezeka kuno anapangidwa ku Clydebank, pafupi ndi Glasgow, pa fakitale imene inatsekedwa mu 1980, ndipo chilembo K cha pa mayina a makina ngati 99K kapena 201K chimasonyeza kuti anachokera kumeneko. Katundu wotere alibe mtengo wodziwika. Makina amodzimodzi wina sangawatole ngakhale aulere, pamene wina wawafunafuna chaka chathunthu chifukwa ndi omwe amayi ake ankasokera. N'chifukwa chake ndimakonda okushoni kusiyana ndi kulemba mtengo umodzi. Ogula okha ndiwo amauumba mtengowo ndi ndalama zawo.

Amene tinakulira m'mabanja a alimi a fodya timaidziwa okushoni ya mtundu wina. Ku Kanengo kapena ku Chinkhoma ogula ndi makampani owerengeka, olembetsedwa, ndipo amene akuyenda m'mizere ya mabelo lero ndi omwewo adzayendemo mawa. Mlimi amadandaula za mtengo, koma sakayika kuti amene wagula belo lakeyo alipodi. Pa intaneti chitseko n'chotsegula. Aliyense amene ali ndi imelo ndi foni angathe kulowa usiku uno n'kuponya mtengo pa katundu wako. Kutseguka kumeneku ndi kumene kumakweza mitengo, ndiponso mantha athu amachokera pomwepo.

Vutoli linayamba pamodzi ndi tsambalo. Pierre Omidyar atalikhazikitsa mu September 1995, likutchedwa AuctionWeb, anthu ankatumiza macheke m'maenvulopu kwa anthu amene sanawaonepo, ndipo akayambana ankadandaulira iyeyo. Mu February 1996 anatsegula malo olemberana ndemanga, n'kulembera anthu kalata yonena kuti ambiri ndi oona mtima, ndipo ochepa achinyengowo aonekere poyera kuti asowe pobisala. Kwa zaka 12 ogula ndi ogulitsa ankalemberana zabwino ndi zoipa zomwe. Chinaononga zinthu ndi kubwezerana. Wogula akadandaula kuti katundu wafika wosweka, wogulitsa ankamubwezera ndemanga yoipa, moti ogula ambiri anayamba kungofera mumtima. Kuyambira mu May 2008 eBay inaletsa ogulitsa kulembera ogula ndemanga yoipa kapena yapakatikati. Ogulitsa ena anakwiya ndi ganizolo mpaka kunyanyala, koma lamulolo lilipobe.

Apa m'pamene pagona nkhani, ndipo anzanga ambiri sapaganizira. Kuyambira chaka chimenecho, munthu amene amangogula sangakhale ndi mbiri yoipa yooneka ndi maso. Wogula wovuta, amene amabweza katundu atamugwiritsa ntchito, amene amatukwana m'mauthenga, naye amaoneka ndi 100% ndi kanyenyezi kake. Nambala ya wogula imangokuuza kuti wagulapo kangati, ndi kuti ogulitsa angati anakumbukira kumulembera. Ziro nayenso amanena chinthu chimodzi basi: akauntiyi ndi yatsopano, kapena sinagwire ntchito. Sakuuza ngati mwini wake ndi kamberembere kapena agogo amene mdzukulu wawo wawatsegulira akaunti madzulo omwewo. Tikamakana wa ziro n'kulandira wa 300 ndi manja awiri, tikudalira muyezo umene sungathe kutsika, kaya munthuyo achite zotani.

Kwa wogulitsa nkhani ndi ina, chifukwa ndemanga zoipa zimamufikadi, ndipo mbiri yake ndi ndalama. Paul Resnick wa pa yunivesite ya Michigan ndi Richard Zeckhauser wa ku Harvard, pamodzi ndi anzawo, anayesa izi pogwiritsa ntchito wogulitsa mapositikhadi akale amene anali ndi mbiri yabwino kwambiri. Makhadi ofanana ankawagulitsa ena pa dzina lake lodziwikalo, ena pa maakaunti atsopano. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2006, zinasonyeza kuti dzina lodziwikalo linkapeza ndalama zochuluka ndi pafupifupi 8%. Munthu yemweyo, katundu yemweyo, kapakidwe komweko, koma ogula ankalipira mocheperapo chifukwa cha nambala. Wogulitsa aliyense anadutsa m'nyengo imeneyo, pamene katundu wake wabwinobwino ankapita motchipa chifukwa palibe ankamudziwa, ndipo pali wogula wina amene anayamba kumukhulupirira popanda umboni uliwonse. Zimandipweteka kuona anthu omwewo, atapata nyenyezi zawo, akutsekera ena pakhomo.

Sindikunena kuti mantha athuwa alibe maziko. Vuto lofala kwambiri ndi la kusalipira, ndipo pa zimene ndaona ine, limachitika kawirikawiri ndi maakaunti atsopano. Ambiri mwa iwo si akuba. Sadziwa kuti kuponya mtengo ndi pangano, kuti ukapambana uyenera kugula. Ena amaponya pa makamera atatu ofanana kwa ogulitsa atatu poganiza kuti apambana pamodzi, n'kudzuka atapambana pawiri. Ena samvetsa mmene makina a okushoni amagwirira ntchito: munthu amalemba ndalama yapamwamba imene angalolere kulipira, ndipo kompyuta imamuponyera pang'onopang'ono, kungopitirira mnzake ndi pang'ono, mpaka pa malirewo. Watsopano amalemba £200 pa chinthu chimene chili pa £30 poganiza kuti sichingafike kumeneko, ndiye akakumana ndi wina wouma mutu ngati iye, mtengo umathera pa £185 ndipo iye amangozimiririka. Palinso ana ogwira foni za makolo awo.

Kwa wogulitsa zimenezi n'zowawa. Umadikira masiku 4 amene lamulo la eBay limapereka kwa wogula, kenako n'kuthetsa malondawo chifukwa sanalipire. Ungathe kupereka mwayi kwa amene anali wachiwiri, kudzera pa Second Chance Offer, koma nthawi zambiri amakhala atagula kale kwina, kapena amakayikira kuti mwina pali chinyengo. Ukaikanso katunduyo, anthu amene ankalimbirana aja sabweranso onse, ndipo mtengo umatha kutsika. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mtengo umene waoneka pa sikirini si ndalama mpaka italowa. Komabe tiyeni tiwerenge bwino chimene watayapo. Wataya sabata ndi theka, mwina ndi mapaundi angapo pa mtengo wachiwiriwo. Katundu ali pa shelefu pomwe anali. Palibe wakubera.

Ndipo pa vuto limeneli zida zilipo kale, kungoti ambiri salowa m'makonzedwe a akaunti yawo kukaziona. Aliyense amene sanalipire amalembedwa, mwakachetechete, ndipo wogulitsa angathe kutchinga onse amene alembedwa kawiri m'miyezi 12 yapitayi. Angathe kuika malire a katundu amene munthu mmodzi angaponyepo mtengo m'masiku 10, ndi kunena kuti malirewo akhudze okhawo amene nambala yawo ndi 5 kapena kutsika. Angathe kufuna kuti munthu ayambe walembetsa khadi kapena njira ina yolipirira asanaponye mtengo. Palinso mndandanda wa otsekeredwa, wolowa mayina mpaka 5,000, umene ndimaikamo aliyense amene wandigwiritsa fuwa lamoto, kaya ali ndi ziro kaya nyenyezi yofiira. Chimene palibe ndi batani lokanira anthu onse a ziro. Ogulitsa akhala akulilirira kwa zaka zambiri, koma ine ndimaona kuti n'koyenera kuti lisakhalepo. Msika umene sulandira wogula watsopano umatha ndi okalamba ake. Wogulitsa akamathetsa malonda osalipiridwa, asankhe chifukwa choona, chakuti wogula sanalipire. Ena amasankha chifukwa china kuti zithe msanga, ndipo potero wosalipirayo salembedwa, amapita kukavutitsa wina ali woyera.

Akuba enieni nawonso alipo, ndipo amakondadi maakaunti atsopano chifukwa satenga nthawi kutsegula. Koma amadziulula okha ndi zimene amapempha. Nthawi ina ndinagulitsa foni ya iPhone, ndipo wopambana anali wa ziro. Pasanathe mphindi zingapo uthenga unafika, waulemu wochita kunyanya. Ankati foniyo ndi mphatso ya mwana wake amene ali kunja, tsiku lake lobadwa layandikira, ndipo awonjezera £60 pa mtengo kuti nditumize lero lomwe. Ndimupatse imelo yanga kapena nambala ya WhatsApp kuti anditumizire umboni wa malipiro. Nambala ya foni yake anailemba motalikitsa manambala, ena m'mawu, kuti makina osefa mauthenga asaigwire. Ndinamuyankha kuti alipire pa tsamba pomwepo, ndipo katundu apita ku adiresi imene ili pa oda. Sanayankhenso. Akaunti ija inatsekedwa masiku 4 aja asanathe.

Ndikanapereka imeloyo, chotsatira ndikuchidziwa. Ikanabwera kalata yokongola, yokhala ndi chizindikiro cha eBay kapena cha PayPal, kampani yolipirira pa intaneti, yonena kuti ndalama zalandiridwa koma zasungidwa kaye mpaka nditatumiza nambala ya tracking, yolondolera nayo phukusi pa ulendo wake. Ife a ku Malawi machenjerero amenewa si achilendo kwa ife. Ndi omwe aja a uthenga wa pafoni wonena kuti walandira ndalama, kenako wina n'kuimba akulira kuti watumiza molakwika, umubwezere. Mankhwala ake ndi amodzi: usakhulupirire uthenga, lowa wekha mu akaunti yako ukaone ngati ndalamayo ilimodi. Pa eBay, oda imene yalipiridwa imaonekera pa tsamba la wogulitsa kuti yalipiridwa, ndipo adiresi yotumizira imakhala pomwepo. Zina zonse zobwera pambali n'zopanda ntchito.

Taonani kuti pa nkhani yonseyi chimene chinamugwiritsa si ziro. Ndi pempho lotuluka pa tsamba, ndalama yoonjezera imene sindinaipemphe, changu, ndi adiresi ina. Wakuba amafunika chimodzi mwa zimenezi kuti ntchito yake itheke, chifukwa ukatumiza katundu ku adiresi yosiyana ndi ya pa oda, kapena malonda akachitikira kunja, chitetezo cha wogulitsa chimatha. Choncho ndili ndi njira imodzi ya aliyense. Sindipakira kanthu ndalama isanaoneke. Wofuna kusintha adiresi ndimamuuza kuti tithetse malondawo, akonze adiresi yake, agulenso. Phukusi lililonse la mtengo wooneka limapita ndi tracking, popeza wogula amakhala ndi masiku 30 odandaula kuti sanalandire, ndipo chimene chimakuikira kumbuyo ndi umboni woti linafika. Oda ikafika pa £450 kapena kupitirira, pamafunikanso siginecha ya wolandira. Lisiti la ku positi ofesi ndimalisunga m'bokosi la nsapato kwa miyezi ingapo, chifukwa munthu angathe kukadandaula ku banki yake nthawi itapita ndithu. Nambala ya IMEI, imene foni iliyonse ili nayo yakeyake, nambala ya pa thupi la kamera kapena pa chitsulo cha makina, ndimaijambula n'kuiika pa zithunzi za malonda kuti aliyense aone kuti ndinaisunga.

Chizolowezi chomalizachi chinandipulumutsa kwa munthu amene nambala yake inali m'mahandiredi, akaunti ya zaka zambiri, ndemanga zoyera zokhazokha. Anagula lenzi ya kamera, analipira msanga, ndipo patapita sabata anati ili ndi nkhungu m'kati. Anabweza. Nditatsegula phukusi ndinapeza lenzi ya mtundu womwewo, koma yakale, yokandika, nambala yake ina. Anafuna kusinthitsa yake yowonongeka ndi yanga yabwino. Zithunzi zija ndizo zinandilankhulira. Palinso maakaunti akale amene eni ake anawasiya kapena anaberedwa pasiwedi, ndipo wakuba wochenjera amakonda amenewo kuposa atsopano, chifukwa amadziwa kuti ife timayang'ana nambala. Akaunti imene kwa zaka inkangogula ulusi ndi mabuku, n'kukhala chete nthawi yaitali, lero ikulimbirana laputopu yodula, imandichititsa mantha kuposa ziro.

Makina osokera ndiwo anandiphunzitsa kuti ogula a ziro ambiri ndi anthu otani. Munthu amene akufuna Singer wa m'ma 1950 nthawi zambiri si munthu wa pa intaneti. Kawirikawiri amalowa pa eBay koyamba chifukwa cha makinawo basi. Ndinali ndi 99K wopukusa pamanja, wa m'bokosi lake lamatabwa, kiyi wake akadalipo. Kutatsala masiku awiri ndinaona dzina latsopano patsogolo, zilembo ndi manambala osakanikirana, a mtundu uja tsamba limapereka lokha munthu akapanda kusankha dzina. Ziro, akaunti ya sabata yomweyo. Ndinalemba uthenga waufupi: ndinamulandira, ndinamuuza kuti makinawa ndi olemera ndipo ndi bwino kudzatenga yekha, ndi kuti akapambana ayenera kulipira pa tsamba m'masiku 4. Yankho linabwera madzulo, lalitali, lopanda mpumiro ndi umodzi womwe. Sanafunse za imelo kapena za kuchotsera mtengo. Anafunsa ngati kambale kotsekera bobini kalipo, ngati gudumu likuzungulira mopepuka, ndiponso ngati makinawo amatha kusoka nsalu ya jinzi yopindidwa kanayi. Wakuba safunsa za kambale ka bobini.

Anapambana, analipira usiku womwewo, ndipo Loweruka anabwera ndi mdzukulu wawo wamkazi amene ankayendetsa galimoto. Anali mayi achikulire ochokera ku Coventry, manja awo akunjenjemera pang'ono. Mdzukuluyo anatulutsa foni kuti ndijambule kachizindikiro ka QR kotsimikizira kuti katundu watengedwa, chinthu chimene sindilumpha ngakhale kwa munthu wooneka bwino chotani. Mayiwo sanasamale za zimenezo. Anakhala pa mpando wa m'khitchini, anatulutsa kansalu m'chikwama, analowetsa ulusi osayang'ana n'komwe, n'kupukusa. Anamvetsera kulira kwake mutu utapendekera kumbali, anatembenuza kansaluko kuona msoko wa kunsi, anakhwimitsa pang'ono kagudumu ka ulusi wa pamwamba, n'kusokanso. Kenako anandiuza kuti makina awo amagetsi amathamanga kuposa mmene maso awo angatsatire, ndipo akufuna amene angaime pamene dzanja laima. Ndikanatsatira malangizo a anzanga, mtengo wawo ndikanaufufuta Lachinayi, ndipo iwo sakanadziwa chimene alakwa.

Alamu anga amagulitsa mafoni ndi masewera a pa kompyuta ku Nottingham, ndipo pa nkhaniyi timakangana nthawi zonse tikakumana. Iwo pa malonda awo onse analembapo kuti amene nambala yake sinafike 10 asayerekeze kuponya mtengo asanawalembere. Tsiku lina anandiuza kuti, "Alamu, inu mumagulitsa zitsulo za agogo. Ndani angabe makina olemera ngati thumba la chimanga? Bwerani mudzagulitse PlayStation muone." Pamenepo ananena zoona, ndipo ndinavomera. Akuba amatsata katundu wopepuka, wodula, wosavuta kugulitsanso. Ngozi imakhala pa mtundu wa katundu kwambiri kuposa pa nambala ya wogula. Koma ndinawafunsa kuti, "Nanga inu alamu, mutafika kuno, nambala yanu inali chiyani?"

Anakhala chete, chifukwa tonse tikukumbukira. Munthu umafika ku Britain uli wamkulu, unagwirapo ntchito zaka zambiri, unabwezapo ngongole, kumudzi ndi ku mpingo amakudziwa. Koma mwini nyumba akufuna kalata yochokera kwa mwini nyumba wina wa konkuno. Banki ikufuna umboni wa adiresi, adiresi ikufuna akaunti ya ku banki. Foni ya kontilakiti amakukaniza chifukwa ulibe mbiri ya ngongole, ndipo mbiriyo sungaipeze popanda wina kukukongoza. Sunalakwe kanthu, kungoti mabuku awo sakukudziwa. Aliyense wa ife anatuluka m'menemo chifukwa wina, penapake, anayang'ana munthuyo m'malo moyang'ana pepala, anatenga dipoziti yake, analemba pangano lomveka, n'kupereka kiyi. Sanachite mopusa ayi. Anadziteteza, koma anatsegula. Chikwangwani cha alamu angacho ndikachiwerenga ndimamva mawu omwe aja tinkauzidwa pa mafoni a nyumba za lendi. Komanso sichigwira amene akufuna kumugwira, chifukwa kamberembere angathe kugula tinthu 10 ta paundi imodzi imodzi m'sabata imodzi n'kupata kanyenyezi kake kachikasu. Amene chimamuthamangitsa ndi munthu wamanyazi, woona mtima, amene wawerenga n'kuona kuti pano safunidwa.

Pali mbali ina imene ogulitsa amaiwala. Wa ziro akamakweza mtengo pa katundu wako, ogula ena amayamba kukayikira iweyo. Amaganiza kuti watsegula akaunti yachiwiri, kapena watuma m'bale wako, kuti azikankha mtengo. Mchitidwe umenewo ndi woletsedwa pa tsamba ndiponso ndi mlandu kuno; mu 2010 khoti lina ku England linalanga bambo wina amene ankaponya mitengo pa katundu wake yemwe ndi akaunti ina. Izi ndimazinena makamaka kwa ife amene timakhala mothandizana. Msuweni wako angaganize kuti akukuchitira zabwino potsegula akaunti kuti akukwezereko mtengo, kapena mnzako wa m'nyumba imodzi angafunedi chinthucho n'kuponya pa intaneti yomweyo ya panyumba. Auzeni asatero. Wapafupi amene akufuna katundu wako agule pamanja usanamuike pa okushoni.

Tsono malire anga ali pa katundu. Foni yatsopanoko, laputopu, chilichonse chimene akuba amachilakalaka, sindichiikanso pa okushoni. Ndimalemba mtengo umodzi n'kutchera kuti wogula alipire nthawi yomweyo, apo ayi katunduyo akhalabe pa msika. Pamenepo vuto la kusalipira latha, ndipo wa ziro ndi wa 1,000 amalowa pa khomo limodzi. Ena amene amaoneka ndi ziro pa malonda otere ndi anthu ogula ngati alendo, osatsegula n'komwe akaunti yokhazikika. Okushoni ndimaisungira zinthu zakale zimene mtengo wake sudziwika. Kumeneko wa ziro akatsogola ndimamulembera, mwaulemu, osati momuopseza, ndipo yankho lake limandiuza zambiri. Akafunsa za katundu, mtima umakhala pansi. Akapanda kuyankha sindifufuta mtengo wake, popeza anthu ambiri saona mauthenga; ndimangodikira. Ndimafufuta pokhapokha akapempha zotuluka pa tsamba, kapena akaonetsa yekha kuti sakufuna kugula. Okushoni ikatha iye atapambana n'kulipira, kuthetsa malondawo chifukwa cha mantha chabe n'kumulakwira, ndiponso kumadetsa mbiri ya wogulitsa yemweyo.

Ogulitsa amasiyananso pa nthawi yolembera wogula ndemanga. Ambiri amadikira kuti wogula ayambe ndiye, kapena kuti masiku obweza katundu adutse, ndipo poti nthawi yolembera ndi masiku 60 okha, kawirikawiri amaiwala. Mapeto ake munthu wagula kanayi, walipira bwinobwino kanayi konse, koma akuonekabe ndi ziro kapena 1, ndipo wogulitsa wachisanu akumukana. Ife tomwe ndife timapanga ena mwa maziro amene timawaopawo. Kwa wogula wakale ndilibe changu, ndemanga yanga siisintha kanthu pa mahandiredi ake. Koma watsopano ndimamulembera tsiku lomwe walipira, ndipo sindilemba mawu okonzeratu aja aliyense amamata. Ndimalemba zimene zachitika: analipira tsiku lomwelo, anayankha mauthenga, anabwera pa nthawi imene tinapangana. Wogulitsa wotsatira akatsegula mbiri yake apeze chinthu choti awerenge. Alamu anga chikwangwani chawo sanachichotse, koma chiwerengero anachitsitsa kuchoka pa 10 kufika pa 3, ndipo masiku ano amayamba alembera munthuyo asanafufute mtengo wake.